Kalata yotseguka kwa a Nduna ya Maphunziro, a NCHE, a NCST ndi akuluakulu a mayunivesite: ophunzira PhD tikulipira fizi ya nthawi imene tikudikira inu

Olemekezeka a Nduna, akuluakulu a National Council for Higher Education (NCHE), a National Commission for Science and Technology (NCST), ndi inu mabwana ndi madona amene mukuyendetsa mayunivesite athu, ndakupatsani moni kuchokera kuno ku Luchenza m'boma la Thyolo. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mabanja anu.

Pepani kuti nkhaniyi ndaitula pabwalo poti aliyense awerenge. Makalata a mu envulopu talembapo, ena tafikapo ndi m'maofesi momwe, koma yankho limakhala lomwe lija lakuti nkhani yanu tikuiona, dekhani. Ine ndine mphunzitsi wa ku sekondale ndipo ndikuchita PhD pa yunivesite ina ya boma kwinaku ndikugwira ntchito. Zomwe ndilembe pano si zanga ndekha ayi, ndi zomwe timadandaulirana ndi anzanga a kuno ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ena aphunzitsi, ena alangizi a zaulimi, anamwino, ogwira ntchito ku khonsolo. Sinditchula yunivesite kapena munthu aliyense chifukwa sindinabwere kudzachititsa munthu manyazi.

Ndiyambe ndi kuthokoza. University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ndipo kwa zaka zoposa 30 inali yokhayo ya boma mpaka Mzuzu University itatsegula mu 1999. Kenako Bunda inaima payokha nkukhala LUANAR, MUST inalandira ophunzira ake oyamba mu 2014 konkuno ku Ndata, ndipo mu 2021 kunabadwa KUHeS ndi MUBAS. Masukulu onsewa akufuna malekichala a PhD ndipo sitingathe kutumiza aliyense ku UK kapena ku South Africa, ndiye ganizo loti anthu aziphunzira PhD konkuno linali labwino kwambiri. Lero mwana wa mayi wothyola tiyi akhoza kulembetsa PhD osakwera ndege. Koma akuluakulu, kulembetsa ndiye kwaphweka, kumaliza ndi kumene kukutiliza, ndipo ambiri amene akakamira si kuti mutu sukugwira kapena ndi aulesi. Ntchito yawo anaigwira, ili pa desiki ya wina.

Dandaulo loyamba ndi kudikira supavaiza, lekichala amene amayang'anira kafukufuku wako. Munthu umadzuka 3 koloko m'bandakucha kuti ulembeko usanapite kuntchito, chaputala chikatha nkutumiza pa imelo. Sabata imatha, mwezi umatha, wachiwiri, wachitatu, kuli zii. Ukalemba pa WhatsApp mwaulemu kuti bwana ndimangokumbutsa za chaputala chija, umaona ndithu kuti awerenga koma yankho palibe, nde umayamba kudzifunsa kuti ndikakumbutsanso kodi sandiona ngati wamwano. Mnzanga wina amakhala kufupi ndi Muloza, kumalire ndi Mozambique. Anapatsidwa tsiku loti akakumane ndi supavaiza wake, anapempha chilolezo kuntchito, analawirira kukadali mdima pa kabaza mpaka pa Limbuli, minibasi mpaka ku Limbe, kusinthanso ina, mapepala atawakulunga mu jumbo ziwiri kuopa chiperoni, kufika pa ofesi a sekilitale akumuuza kuti abwana ananyamuka dzulo ali ku wekishopu ku nyanja. Palibe anamuimbira foni kuti usabwere. Anabwerera tsiku lomwelo, ndalama ya thiransipoti anali atakongola ku banki mkhonde ya akazi ake.

Ndipo pano ndinene chilungamo, masupavaiza ambiri si anthu oipa. Timawaona mmene akutopera. Munthu mmodzi akuphunzitsa kalasi yodzadza holo, ali ndi mulu wa mapepala a mayeso oti achonge, ndi mkulu wa dipatimenti, ali mu makomiti angapo, akuyang'anira a masters ambirimbiri kuphatikizapo ife, ndiye malipiro akapanda kukwana athamangirenso maganyu a mabungwe kuti ana ake apite kusukulu. Chaputala changa cha masamba 40 chimakhala chomalizira pa mndandanda chifukwa ndi chokhacho chimene akachichedwetsa palibe amene amufunse. Mayeso a ana a digiri yoyamba ali ndi tsiku lake loperekera malikisi, lipoti la bungwe lili ndi tsiku lake, koma chaputala cha wophunzira PhD chilibe tsiku. Vuto lili pamenepo, ndipo limenelo si la supavaiza, ndi la inu amene mumapanga malamulo.

Pali zinanso zomwe zimachitika mu ubale umenewu zimene sitimazinena mokweza. Masupavaiza awiri osagwirizana, wina akuti chotsa gawo ili, ukachotsa winayo akuti gawo lija walichotseranji libwezere, ndipo awiriwo sanakhalepo pansi limodzi ndi iwe. Supavaiza kupita kunja kwa chaka, kupuma pantchito kapena kumwalira kumene, wophunzira nkukhala miyezi wopanda womuyang'anira, watsopano akabwera akuti mutu wa kafukufukuyu sukundisangalatsa tiyambirenso. Ndipo kwa amayi kuli china choipitsitsa, kuuzidwa kuti chaputala tikakambirane ku loji madzulo. Si onse amachita zimenezi, koma zilipo, ndipo mayi amene wakana amaona ntchito yake ikungoima osadziwa kokadandaula. Ukadandaula kwa mkulu wa dipatimenti, iyeyo ndi mnzake wa munthu yemwe ukumudandaulayo, amamwera tiyi limodzi, ndipo digiri yako ili m'manja mwa anthu omwewo. Ambiri amangosankha kukhala chete.

Dandaulo lachiwiri ndi lomwe landilembetsa kalatayi, fizi. Nthawi yonse imene tikudikirayi fizi siima. Chaka cha maphunziro chikatha umauzidwa kuti ulembetsenso ndipo ulipirenso, osayang'ana kuti theka la chaka chathacho ntchito inali m'manja mwa supavaiza. Ena anamaliza kulemba, anapulinta, anamanga mabuku, anapereka thesis, buku lonse la kafukufuku wawo, kuti ipite kwa woyesa wa kunja kwa yunivesiteyo, nkukhala kudikira lipoti pafupifupi chaka, chaka chatsopano nkuwapeza akadali pa mzere, kalata nkubwera yoti muli ndi ngongole ya fizi ndipo simungaitanidwe ku viva, mayeso apakamwa oteteza thesis, musanalipire. Zili ngati wapita ku chigayo ndi chimanga chako, walipira kale, magetsi azima, ndiye mwini chigayo akukulipiritsa ola lililonse limene wakhala pa benchi kudikira. Tikafunsa chomwe chikuchedwetsa timamva kuti woyesayo sanalipidwe ya thesis yapitayo nde sakufulumira, kapena ali kunja ndipo ndalama zakunja zomulipira sizikupezeka, kapena komiti yovomereza mayina a oyesa sinakumane. Zifukwa zonsezi zikhoza kukhala zoona, koma palibe ngakhale chimodzi chimene wachititsa ndi wophunzira. Nanga bwanji bilu ikupita kwa iye?

Kumbukiraninso kuti ambiri a ife tikudzilipirira tokha kuchokera pa salale. Bajeti ya kafukufuku tinailemba kwacha isanagwe ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mafuta a njinga yamoto yopitira ku midzi, malipiro a achinyamata otithandiza kufunsa mafunso, mankhwala a mu labu amene amagulidwa ndi madola, zonse zinakwera, bajeti ija inangosanduka pepala. Pa payslip ya aphunzitsi ena mukaona mungamve chisoni, ngongole zadula mpaka yotsala siyokwana kumaliza mwezi, ena afika mpaka kwa akatapila. Chaka chilichonse chowonjezera chimene mwatidikiritsa ndi feteleza amene sanagulidwe komanso mwana amene wabwezedwa kusukulu.

Dandaulo lachitatu ndi la kusindikiza mapepala. Mapologalamu ambiri a PhD amafuna kuti usanamalize ukhale utasindikiza zotsatira zako mu ma journal, magazini a akatswiri ofalitsa kafukufuku, ndipo ine ndikugwirizana nazo chifukwa kafukufuku wobisa mu kabati sathandiza munthu. Koma ma journal ambiri odziwika amalipiritsa madola mazanamazana, ena kupitirira 1,000, ndipo ngakhale utaipeza ndalamayo mu kwacha, kuti banki ikulole kulipira kunja ndi nkhondo ina. Chomvetsa chisoni nchakuti ma journal ambiri amachotsera kapena kukhululukira anthu a m'mayiko osauka ngati Malawi ukapempha, komanso alipo abwino osalipiritsa nkomwe, koma palibe amene amakhala nafe pansi kutiuza zimenezi. Mapeto ake wophunzira amagwa m'manja mwa ma journal achinyengo aja amene amakutumizira imelo yokutamanda, nkusindikiza pepala lako pa sabata imodzi osaliwerenga bola walipira, kenako yunivesite nkukana kuti ili sitiliwerengera. Ndalama yapita, pepala lapita chifukwa sungalisindikizenso kwina.

Ndipo pomwepa ndinene za anthu olembera anzawo ma thesis. Akulengeza poyera pa Facebook, chaputala chakuti mtengo wakuti, kusanthula data mtengo wakuti, ndiye pano kwabweranso AI yomwe ikulemba ndime zosalala zokhala ndi mabuku oti kulibe. Ine zimenezi ndimadana nazo, munthu wogula PhD mawa adzaphunzitsa ana athu zinthu zimene iye mwini sakuzidziwa, ndipo akagwidwa alangidwe basi. Koma akuluakulu, dziwani kuti kasitomala wamkulu wa anthu amenewa ndi wophunzira amene wasiyidwa yekha. Wakakamira pa statistics, supavaiza sakuyankha, pa yunivesite palibe ofesi yoti angapite kukafunsa, fizi ikuwerengabe, nde wina akumuuza kuti ndipatse ndalama Lachisanu zikhala zitatheka. Mukafuna kuthetsa msika umenewu, yambani mwapereka thandizo loona loti munthu alembe yekha.

Dandaulo lachinayi ndidutsepo mwachangu chifukwa mukulidziwa, magetsi ndi netiweki. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya pafupifupi 130 megawatts kwa nthawi yoposa chaka, ndipo anzanga ena ankakatchajitsa laputopu ku barbershop ya sola pa trading centre kuti apeze maola awiri olembera. Mabuku ndi ma journal a pa intaneti alipo kudzera ku MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'Malawi, ndi Research4Life, pologalamu yothandiza mayiko osauka kupeza mabukuwa, koma munthu ali ku Thekerani kapena ku Nkando akufunika njira yolowera ali kunyumba, osati mpaka akwere minibasi kukakhala mu laibulale ya pa kampasi. Kuntchitonso mabwana ena amakana tchuthi cha maphunziro ngakhale cha miyezi yochepa yomalizira.

Mwina wina anganene kuti awa ndi mavuto a anthu ochepa ofuna kutchedwa dokotala, dziko lili ndi njala ndi zina zazikulu. Ndikupempheni muone kaye mitu ya kafukufuku amene wakakamirayu. Thyolo inali kwawo kwa nthochi, magalimoto ankadzadza kuchokera ku Thekerani ndi ku Molere kupita ku Limbe, matenda a chisaka anabwera nkupululutsa minda mpaka lero tikudya nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Alipo amene akufufuza mmene alimi akulandirira mbewu yatsopano yopanda matenda ndi chifukwa chake ena akukana kuzula zakale. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagumula mapiri, matope ndi miyala zinakwirira midzi kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Alipo amene akufufuza malo amene ali pa chiopsezo ndi mmene uthenga wochenjeza umafikira kumudzi. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu, phiri lomwelo UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo a World Heritage mu 2025. Pali nkhani ya kuchepa kwa malo olima pakati pa ma esiteti, mitengo imene alimi ang'onoang'ono a tiyi amagulitsira masamba awo, atsikana osiyira sukulu panjira. Mayankho ena a zinthu zimenezi analembedwa kale, ali mu ma thesis amene akudikira siginecha.

Ndipo kafukufuku amakalamba. Mayi wina mnzathu anayenda khomo ndi khomo m'midzi ya m'munsi mwa phiri chaka cha Freddy chisanafike, kufunsa mabanja za kakololedwe ndi kasungidwe ka chakudya. Machaputala ake anakhala kwa supavaiza, kenako thesis inakhala kwa oyesa, pomwe lipoti limabwera ena mwa mabanja aja anali atasamutsidwa, minda ina itasanduka miyala yokhayokha, ndipo woyesa analemba kuti data yanu ndi yakale, mubwerere mukatolere ina. Ndi ndalama ziti? Komanso tikamadutsa m'midzi imene tinachitamo kafukufuku, a mfumu amatiimitsa ndi kufunsa kuti aphunzitsi, zija munadzatifunsa zija zinatha bwanji. Anthu anasiya makasu awo kumunda nkukhala nafe pa mkeka maola awiri kuyankha mafunso, tinawalonjeza kuti tidzabwera kudzawauza zomwe tapeza. Timasowa chowayankha, ndipo wofufuza wina akadzabwera m'mudzi momwemo anthu adzamukana chifukwa cha ife.

Masomphenya a Malawi 2063 amene munakhazikitsa mu Januwale 2021 amakamba za ulimi wamakono, mafakitale ndi anthu aluso, ndipo mayiko a African Union anagwirizana kale zoti 1 peresenti ya chuma cha dziko izipita ku kafukufuku. Zomwe tikupempha pansipa zambiri sizikufuna ndalama zochuluka chotero, zina zikungofuna lamulo lolembedwa ndi munthu woonetsetsa kuti likutsatidwa.

1. Fizi iime tsiku limene wophunzira wapereka thesis kuti iyesedwe. Komanso miyezi imene ntchito yakhala kwa supavaiza kupitirira nthawi yoikika isawerengedwe pa zaka za wophunzira ndipo asalipire. Ili ndiye pempho lathu lalikulu, mukachita limeneli lokha mayunivesite adzayamba okha kufulumizitsa zinazo chifukwa kuchedwa kudzakhala kukuwadyera iwo.

2. A NCHE ikani lamulo la mayunivesite onse, a boma ndi omwe si a boma, lakuti chaputala chiyankhidwe pasanathe masabata 6, ndipo pakhale kaundula wa pa kompyuta wosonyeza tsiku limene chatumizidwa ndi tsiku limene chabwezedwa, woti a dean aziuona okha popanda wophunzira kukaneneza munthu.

3. Woyesa wa kunja apatsidwe miyezi 3, akalephera asankhidwe wina. Ndipo muziwalipira msanga anthuwa, ndalama yake iikidwe padera pomwe wophunzira akulipira fizi.

4. Pakhale ofesi yodandaulirako imene siili pansi pa dipatimenti, yokhala ndi mphamvu yosintha supavaiza popanda wophunzira kubwezeredwa nkhanza kapena kuyambiranso. Nkhani za amayi ovutitsidwa zimvedwe mwachinsinsi ndipo zifike pamapeto. Supavaiza akachoka kapena kumwalira, wina apezeke pasanathe mwezi.

5. Supavaiza mmodzi asapatsidwe ophunzira oposa amene angakwanitse, ndipo amene akuyang'anira a PhD achepetseredwe makalasi ndi kulipidwa moyenera pa ntchitoyi. Musalembe ophunzira atsopano mu dipatimenti imene ilibe owayang'anira chifukwa chongofuna fizi.

6. A NCST, mogwirizana ndi a Higher Education Students' Loans and Grants Board, khazikitsani thumba la chaka chomaliza, loti munthu amene watolera kale data apeze kangachepe komalizira kusanthula, kulemba ndi kusindikiza. Yunivesite iliyonse itulutse mndandanda wa ma journal amene imavomereza wophunzira asanatumize pepala, iphunzitse anthu kapemphedwe ka kuchotseredwa mtengo, ndipo ma journal athu a konkuno ochita bwino ngati Malawi Medical Journal alimbikitsidwe kuti m'magawo enanso mukhale otero.

7. Ili ndi la kwathu kuno. MUST ili pakhomo pathu ndipo nthawi ya holide zipinda zimakhala zopanda anthu. Tikupempha kuti mayunivesite a boma agwirizane kuti wophunzira PhD wa yunivesite iliyonse amene amakhala ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu aziloledwa kukakhala kumeneko sabata imodzi kapena ziwiri pa mtengo wotsika, kulemba basi, pali magetsi, pali intaneti, pali munthu wodziwa statistics ndi wina wodziwa kalembedwe woti ungamufunse. Akatswiri a ku Bvumbwe Research Station ndi a ku Tea Research Foundation ku Mimosa akhoza kuitanidwa kudzathandiza a zaulimi. Zigawo zinanso zichite chimodzimodzi ndi yunivesite imene ili pafupi nawo.

8. Ogwira ntchito m'boma amene afika pomalizira apatsidwe tchuthi cha miyezi 6 ali pa malipiro, asainire kuti adzagwirabe ntchito m'boma akamaliza.

9. A NCHE chaka chilichonse tulutsani poyera chiwerengero cha amene analembetsa PhD pa yunivesite iliyonse, amene amaliza, amene asiya, ndi zaka zimene zawatengera. Munthu asanakongole ndalama ali ndi ufulu wodziwa kumene akulowa.

Inu amene mukuwerenga muli ndi mkazi, mwamuna, mlongo kapena mphunzitsi wanu wakale amene wakhala akunena kuti ndatsala pang'ono kwa zaka zingapo tsopano, musamamufunse monyoza kuti sukulu yakeyo idzatha liti, mufunseni kuti thesis ili kwa ndani ndipo yakhalako nthawi yaitali bwanji. Kalatayi itumizeni kwa phungu wa dera lanu ndi kwa aphungu a komiti ya maphunziro ku Nyumba ya Malamulo kuti akafunse mafunsowa pokambirana bajeti ya mayunivesite.

A Nduna, ngati mungatume anthu kudzamva zambiri, tili okonzeka kukumana nawo pa boma ku Thyolo kapena ku Mulanje, ndipo tidzabwera ndi maimelo osonyeza masiku amene tinatumiza machaputala komanso malisiti a fizi amene talipira tikudikira. Tikungopempha kuti mayina athu asakafike ku madipatimenti athu. Pa chifukwa chomwecho langa sindilemba pano, thesis yanga sinayesedwe.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi komanso wophunzira PhD,
Luchenza, Thyolo